Ukonde pampanda ndi agulugufe oyera a madontho akuda: ndi ermine uti ameneyu?

"Akatswiri, ndimakhala kumwera kwa England. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mpanda wa mitengo yosakanikirana komanso mtengo umodzi wa maapulo. Kumayambiriro kwa Juni mbali ina ya mpandawo inakutidwa ndi ukonde woyera, masamba onse n'kutha, ndipo m'katimo munali mbozi zambirimbiri zotuwa za madontho akuda. Mwezi womwewo ndinapeza pakhoma gulugufe wamkulu woyera, waubweya, wa madontho akuda, mimba yake yachikasu. Tsopano mu Julayi muno pawindo pakumatera tiagulugufe ting'onoting'ono toyera, natonso ta madontho akuda. Aneba anga akuti zonsezi ndi ermine. Kodi wamkulu uja ndiye make wa ting'onoting'onoti? Kodi ana anga angayabwidwe? Nanga mpandawu wafa, kapena pali mankhwala oti ndipopere?" Akufunsa choncho mayi wina wa ana awiri.

Mayi, khazikani mtima pansi. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mpanda wanu sunafe, mbozi zomwe munaziona siziyabwa, ndipo nthawi yopopera mankhwala inapita kale, ngakhale pakanakhala chifukwa chopopera. Aneba anu sananame, kungoti dzina limodzilo limanenedwa pa agulugufe a usiku a mabanja osiyana kotheratu. Azungu anapatsa dzina la ermine kwa agulugufe angapo oyera a madontho akuda chifukwa amafanana ndi ubweya womwe mafumu a ku Ulaya ankasokerera pamikanjo yawo, osati chifukwa choti agulugufewo ndi pachibale.

Wamkulu uja si make wa ting'onoting'onoti. Gulugufe sakula akatuluka m'chikwa. Kukula konse kumachitika akadali mbozi, ndiye kakang'ono komwe mukukaona pawindo kakhalabe choncho mpaka kufa. Wamkulu wa pakhoma ndi wa gulu la Spilosoma, m'banja la Erebidae. Ting'onoting'onoto ndi ta gulu la Yponomeuta, m'banja la Yponomeutidae, ndipo ndito tachokera ku mbozi zoluka ukonde. Mbozi ya wamkuluyo siluka ukonde pamitengo n'komwe.

Musanayambe kuwerenga madontho, yezani kukula ndi kuona kakhalidwe kake akatera. Yezani phiko lakutsogolo kuyambira pomwe lalumikizana ndi thupi kufika kunsonga. Likakhala la mamilimita pakati pa 9 ndi 13, lopyapyala, mapiko atakulungidwa mothina kuzungulira thupi moti kachilomboko kakuoneka kotalika ndi kowonda, muli ndi Yponomeuta. Likakhala la mamilimita pakati pa 17 ndi 23, lotambalala, mapiko atatsetsereka mbali ziwiri ngati denga, pamapewa pali ubweya wambiri, muli ndi Spilosoma kapena wachibale wake. Madontho ndi omwe amanamiza anthu kwambiri, chifukwa amasiyanasiyana ngakhale pakati pa agulugufe oswedwa ndi mayi mmodzi.

Tiyambe ndi akuluakuluwo, popeza ndiwo osavuta. Amene munamupeza pakhoma n'kutheka kwambiri kuti ndi white ermine, Spilosoma lubricipeda. Amauluka kuyambira Meyi mpaka Julayi, amakopeka ndi magetsi, ndipo masana amangogona pakhoma kapena pa udzu. Mapiko ake ndi oyera, owazidwa timadontho takuda mosatsata mzere weniweni. Ena amakhala ndi timadontho tambiri, ena tochepa kwambiri, ndipo mwa apo ndi apo mumapeza wina yemwe madontho ake alumikizana n'kukhala timizere. Kumpoto, makamaka ku Scotland, amakonda kukhala oderako m'malo moyera mbee. Zizindikiro ziwiri zodalirika zili pomwe mapiko akutsogolo amabisa: pamwamba pa mimba ndi pachikasu cholowera ku olenji, pali mzere wa madontho akuda, ndipo phiko lakumbuyo limakhala ndi dontho lakuda chapakati, nthawi zina ndi ena chakumphepete. Mukamukhudza amakonda kudzigwetsa, kupinda mimba n'kukhala chete ngati wafa, mimba yachikasuyo ili poyera. Kumeneko ndi kuchenjeza mbalame kuti sakoma. Saluma munthu ndipo sayabwa.

Mnzake amene amauluka miyezi yomweyo ndi buff ermine, Spilosoma lutea. Wamwamuna ndi wachikasu chotuwa ndipo sasokoneza, koma wamkazi amayererako moti amatha kufanana ndi white ermine woderako. Apa musayang'ane mtundu. Yang'anani mzere wa madontho otalikirapo womwe umayambira kunsonga ya phiko n'kutsika chopingasa kulowera kumphepete yakumbuyo. Mapiko akatsekedwa, mizere ya mbali ziwirizo imaoneka ngati ikukakumana pakati pa msana. White ermine alibe mzere woonekera bwino choterowo.

Wachitatu, water ermine, Spilosoma urticae, ndi wosowa, ndipo anthu ambiri amene amati amuona amakhala ataona white ermine wa madontho ochepa. Amakhala m'madambo ndi m'malo a chinyontho chakum'mwera cha kum'mawa kwa England, amauluka mu Juni ndi Julayi, ndi woyera mbee, phiko lakutsogolo limakhala ndi kadontho kamodzi kapena tiwiri chapakati, ndipo phiko lakumbuyo lilibe dontho. Ngati simunaone phiko lakumbuyo, musamutchule dzinali. Ngati nyumba yanu ili kutali ndi dambo, kayikirani kawiri.

Palinso muslin moth, Diaphora mendica, yemwe alibe dzina la ermine koma wamkazi wake amanyenga ambiri. Ndi woyera wa madontho ochepa, wocheperako, mapiko ake ndi opyapyala moti kuwala kumadutsa, ndipo amauluka masana kumapeto kwa Epulo, Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni. Mimba yake ndi yoyera, ilibe chikasu. Popeza inu munaona mimba yachikasu, ameneyu tamuchotsa kale. Wamwamuna wake ku England ndi wotuwa moderako, moti simungaganize kuti ndi mtundu umodzi ndi wamkaziyo.

Mbozi za akuluakulu onsewa ndi zaubweya, zofiirira moderako, ndipo zimayenda zokhazokha pansi kudya zomera zazifupi monga nettle, dock ndi dandelion. Ya white ermine ili ndi mzere wofiira kapena wa olenji pamsana. Kumapeto kwa chilimwe mumaziona zikuthamanga kudutsa njira kukafuna pobisala, ndipo zimagona m'chikwa m'zinyalala za masamba nyengo yonse yozizira. Ndi mpanda wanu zilibe nawo mlandu.

Tsopano ting'onoting'ono tija, komwe kuli ntchito yeniyeni. Ku Britain kuli mitundu isanu ndi itatu ya Yponomeuta, ndipo ina mwa iyo imafanana kwambiri moti ngakhale akatswiri atafufuza ziwalo zoberekera pa maikulosikopu sangatsimikize nthawi zonse. Chomwe chimawasiyanitsa bwino si phiko koma mtengo womwe mbozi inadya. Mtundu uliwonse uli ndi chakudya chake ndipo susintha mwachisawawa. Ndiye funso loyamba si lakuti gulugufeyu ali ndi madontho angati, koma lakuti mtengo womwe wadyedwa ndi uti.

Ngati wadyedwa ndi spindle, Euonymus europaeus, mwini ukondewo kawirikawiri ndi spindle ermine, Yponomeuta cagnagella, ndipo ndiye amakonda kukuta mipanda yaitali m'mbali mwa misewu kumwera kwa England. Spindle mumuzindikira ndi nthambi zake zanthete zobiriwira, zomwe nthawi zambiri zimakhala ndi ngodya zinayi, masamba omera awiriawiri moyang'anizana, ndi zipatso zapinki za magawo anayi zomwe zimang'ambika chakumapeto kwa chaka n'kuonetsa njere za olenji. Zipatsozo ndi zapoizoni, ndipo pa zonse za mumpanda wanu ndizo muyenera kuchenjeza ana kuposa mbozi. Ngati wadyedwa ndi hawthorn, wa minga ndi masamba ong'ambikang'ambika, kapena blackthorn, wa khungwa lakuda yemwe amachita maluwa oyera masamba asanatuluke, ganizirani orchard ermine, Yponomeuta padella. Pamtengo wa maapulo pamakhala apple ermine, Yponomeuta malinellus, yemwe ukonde wake umakhala timatumba tating'ono pansonga za nthambi, osati chinsalu chokuta mtengo wonse. Pa bird cherry, Prunus padus, wa maluwa oyera olendewera m'ngala zazitali, pamakhala bird-cherry ermine, Yponomeuta evonymella, yemwe amatha kukuta mtengo wamkulu kuyambira pansi mpaka pamwamba, thunthu lomwe. Pa willow wa m'mphepete mwa madzi pamakhala willow ermine, Yponomeuta rorrella. Chenjerani ndi maina achilatiniwa, chifukwa anasokonekera kalekale: evonymella sadya Euonymus, ndipo padella si amene amapezeka pa Prunus padus.

Mpanda wanu ndi wosakanikirana, ndiye pali msampha. Mbozi zikamaliza masamba a mtengo wawo zimatsika n'kuyendayenda, zikuluka ulusi paliponse zadutsa, pa udzu, pa waya, pa benchi, pa njinga yoimikidwa pafupi, ndi pamitengo ina yomwe sizidya. Musatenge dzina la mtengo uliwonse womwe uli ndi ukonde. Yang'anani womwe wathetsedwa masamba. Mwanena kuti mbali ina yokha ndiyo inadyedwa, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi khalidwe lawo: chitsamba chimodzi chili mbulanda, choyandikana nacho cha mtundu wina chili chobiriwira ngakhale chakutidwa ndi ulusi. Masamba atsopano akatuluka mudzatha kuona bwino kuti unali mtengo wanji.

Zikwa nazonso zimathandiza, ndipo mwina zikadalipo muukondemo. Za evonymella, cagnagella ndi malinellus ndi zoyera, zokhuthala, zosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo zimakhala zodundumirana pamodzi. Za padella ndi zopyapyala moti chomwe chili m'kati chimaoneka, ndipo zimakhala zomwazikana muukonde. Rorrella sapanga chikwa chenicheni, amangolendewera muulusi womasuka.

Nanga kagulugufe ka pawindo, kopanda mtengo woti mukaone? Pali mitundu yomwe mungaitchule ndi mtima wonse kuchokera pa phiko lokha. Bird-cherry ermine ndi woyera, timadontho take ndi tating'ono kwambiri ndi tambiri, tondandalikidwa m'mizere isanu motsata utali wa phiko. Ena onse ali ndi madontho ochepa, okulirapo, m'mizere itatu kapena inayi yosalongosoka bwino. Yponomeuta plumbella ali ndi banga lakuda lalikulupo chapakati pa phiko ndi lina kunsonga kwenikweni. Yponomeuta sedella ndi wocheperako, wotuwa ngati mtovu m'malo moyera, amadya chomera chachifupi chotchedwa orpine, ndipo ndi yekhayo amene amaswana kawiri pachaka, moti mukaona Yponomeuta mu Epulo kapena Meyi ndiye woyamba kumuganizira. Yponomeuta irrorella ali ndi banga lotuwa pakati pa phiko, koma ndi wosowa kwambiri.

Otsalawo ndiwo ovuta. Mabuku amati cagnagella ndi woyera mbee ndipo mphonje za kumapeto kwa phiko lake ndi zoyeranso, padella amakonda kutuwirako ndipo mphonje zake ndi zotuwa, malinellus ali pakatikati, pomwe rorrella ali ndi kutuwa kotsata mphepete yakutsogolo ya phiko. Zonsezi ndi zoona pa ambiri, koma osati pa aliyense. Padella ena ndi oyera ngati cagnagella. Kuwonjezera apo, gulugufe akauluka masiku angapo mamba ake amayoyoka, mphonje zimatha, ndipo zomwe mumafuna kuyang'anazo zimasowa. N'chifukwa chake osunga kaundula wa agulugufe amalemba padella, malinellus ndi cagnagella ngati gulu limodzi pokhapokha ngati gulugufeyo waleredwa kuchokera ku mbozi yotengedwa pamtengo wodziwika. Ine ndimaona kuti kulemba kuti Yponomeuta basi ndi yankho labwino kuposa dzina lathunthu longopeka. Mapulogalamu a pafoni ozindikira zamoyo amakonda kupereka dzina limodzi molimba mtima pa chithunzi cha tiagulugufe timeneti, ndipo pamenepa musawakhulupirire kwambiri. Dziwaninso kuti evonymella ndi rorrella amauluka mitunda italiitali usiku wotentha, n'kupezeka komwe kulibe mtengo wawo, ndiye ka pawindo panu sikuti kachokera mumpanda wanu ndithu.

Pali wina amene amadzibisa pakati pawo: thistle ermine, Myelois circumvoluta, wa banja la Pyralidae. Amatera mofanana, mapiko atakulunga thupi, ndipo ndi woyera wa madontho akuda. Koma ndi wamkulupo, phiko lake limafika mamilimita 13 mpaka 17, madontho ake ndi ochepa ndi akuluakulu, ndipo kumapeto kwa phiko kuli mzere wa timadontho tondandalikana bwino motsata mphepete. Mbozi yake imakhala m'kati mwa maluwa ndi mapesi a chomera chaminga chotchedwa thistle, siluka ukonde pampanda. A gulu la Ethmia nawonso amafananako, koma madontho awo ndi aakulu, ndipo ena ali ndi mimba yachikasu. Leopard moth, Zeuzera pyrina, ndi wamkulu kwambiri kuposa onsewa, ali ndi madontho asanu ndi limodzi pamapewa, mapiko ake ndi oonekera m'kati okhala ndi mawanga akuda monyezimira, ndipo mbozi yake imaboola mitengo m'kati kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Funso la ana ndilo lofunika kwambiri, ndipo yankho lake lili pa mbozi, osati pa gulugufe. Mbozi ya Yponomeuta ndi yosalala, yotalika pafupifupi masentimita 2 ikakula, yoyera moderako kapena yotuwa, mutu wakuda, ndi mzere wa madontho akuda mbali iliyonse. Mukaigwedeza imadzipotola mwamphamvu n'kutsika ndi ulusi. Ilibe ubweya woyabwa ndipo siluma. Lamulo loti ana aligwire ndi lakuti mbozi ya muukonde ikakhala yaubweya, asaikhudze, ukondewo asaukhudzenso.

Mbozi yoyamba yoopsa ndi ya brown-tail, Euproctis chrysorrhoea, yomwe ndi yofala kumwera ndi kum'mawa kwa England makamaka chakunyanja, ndipo imadya mitengo yomweyo ya hawthorn ndi blackthorn, komanso bramble. Ndi yakuda mofiirira, yaubweya, ili ndi timabanga toyera m'mbali ndi madontho awiri ofiira chakumchira. Ubweya wake umathothoka, umauluka ndi mphepo, umatsalira m'chisa, ndipo umayambitsa zidzolo zoyabwa, kufiira kwa maso, nthawi zina kubanika. Chisa chake ndi cholimba, chokhuthala, ndipo chimaoneka pansonga za nthambi nyengo yozizira mitengo ilibe masamba, pomwe ukonde wa Yponomeuta umayamba mu Meyi ndipo ndi wopyapyala, wotambalala. Gulugufe wa brown-tail ndi woyera wopanda madontho ambiri, ndipo kumchira kuli ubweya wambiri wofiirira womwe nawonso umayabwa. Mbale wake yellow-tail ali ndi mchira wachikasu. Ndiye gulugufe woyera waubweya wopanda madontho musamugwire ndi manja. Kusiyana kwake ndi white ermine wanu n'kwakuti mwa ermine chikasu chili pamwamba pa mimba pamodzi ndi madontho akuda, osati ubweya wa kunsonga kokha.

Yachiwiri ndi oak processionary, Thaumetopoea processionea, yomwe yakhazikika ku London ndi madera ozungulira. Imakhala pamitengo ya oak, imayenda pamzere mutu kutsata mchira wa inzake, ndipo chisa chake choyera chimamatirira pathunthu kapena panthambi zikuluzikulu. Yponomeuta sadya oak. Mukaona chisa cha ulusi pathunthu la oak, musayandikire, musayese kuchichotsa, kaneneni kudzera pa TreeAlert, tsamba la pa intaneti la bungwe la boma lofufuza za nkhalango la Forest Research, kapena ku khonsolo ngati mtengowo uli pamalo a boma. Mbozi zina za muukonde, monga za lackey zomwe zili ndi mutu wabuluu ndi mizere ya olenji, yoyera ndi yabuluu, si zoopsa ngati ziwirizi, komabe ubweya wawo umatha kuyabwa khungu lofewa. Ndipo ukonde ukakhala pa zitsamba za box, mbozi zake zobiriwira za mutu wakuda, ameneyo ndi box tree moth, yemwe amatha kupheratu chitsamba. Ameneyo ndi nkhani ina, yofuna kuchitapo kanthu msanga.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe ndikuletsera mankhwala, onani mmene chaka cha Yponomeuta chimayendera. Agulugufe omwe mukuwaona tsopano aikira mazira mu Julayi ndi Ogasiti, m'timagulu pamakungwa a nthambi zazing'ono, n'kuwaphimba ndi madzi omata omwe amauma kukhala kachigamba kolimba kofanana mtundu ndi khungwa. Timbozi timaswa patapita masabata ochepa koma sitituluka, timakhala pansi pa kachigambako nyengo yonse yozizira. Masamba akayamba kuphukira timatuluka, mu Meyi timayamba kuluka, ndipo kudya koopsa kumachitika masabata omaliza tisanalowe m'zikwa mu Juni. Kuswana n'kamodzi pachaka, kupatula sedella uja. Pofika pano kudya kunatha, m'ukondemo mwangotsala ndowe, makoko ndi zikwa zopanda kanthu. Mtengo wathanzi umatulutsanso masamba pakangopita masabata angapo, ndipo pofika kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti mpanda umakhala wabiriwiranso. Chomwe mungataye ndi zipatso za chaka chino pamitengo yomwe inadyedwa. Ukondewo umawola wokha ndi mvula ndi mphepo.

Kupopera ukonde utakula kale ndi kutaya ndalama, chifukwa ulusiwo umakana madzi ndipo mankhwala safika pa mbozi. Amene amafa ndi njuchi ndi tizilombo tomwe timakuthandizani. Mbozizi zili ndi adani ambiri: mbalame zimadyetsa ana awo, ndipo pali timavu ting'onoting'ono ndi ntchentche zomwe zimaikira mazira m'matupi mwawo. Kamodzi mwa timavuti, Ageniaspis fuscicollis, kamaikira dzira limodzi lomwe limagawikana n'kukhala ana ambiri m'thupi la mbozi imodzi, ndipo kanatumizidwa dala ku North America kukalimbana ndi apple ermine atafika kumeneko. N'chifukwa cha adani amenewa, pamodzi ndi nyengo, kuti chaka cha ukonde wochuluka nthawi zambiri chimatsatidwa ndi zaka zabata.

Chomwe mungachite pano n'chochepa. Ngati kwauma, thirirani mpandawo mokwanira kamodzi pamlungu kuti uphukire bwino. Ngati ukondewo ukukunyansani, uchotseni ndi ndodo kapena ndi madzi a paipi mutavala magolovesi. Musautenthe ndi moto, chifukwa moto umapha makungwa ndi timaso tomwe tikanatulutsa masamba atsopano. Musathamangirenso kudula mpanda poganiza kuti wauma. Kandani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo: pansi pake pakakhala pobiriwira, mtengo uli moyo. Kumbukiraninso kuti kuyambira Marichi mpaka Ogasiti mbalame zimakhala ndi zisa m'mipanda, ndipo lamulo la Wildlife and Countryside Act 1981 limaletsa kuwononga dala chisa chomwe chikugwiritsidwa ntchito.

Mtengo wa maapulo ndiwo woyenera kuuyang'anira chaka chamawa, chifukwa kumeneko kutha kwa masamba kumachepetsa zipatso. Kuyambira kumapeto kwa Epulo uzungulireni kamodzi pamlungu. Timbozi ta apple ermine timayamba ndi kudya m'kati mwa tsamba, n'kusiya banga lofiirira chakunsonga, kenako timatuluka n'kumanga masamba angapo pamodzi ndi ulusi. Kathumba kakadali kakang'ono, kaduleni ndi sizasi ya mitengo kapena kachotseni ndi dzanja, n'kukaika m'madzi a sopo. Ikani ndowa pansi pake musanagwire, chifukwa mbozi zimadzigwetsa nthambi ikangogwedezeka. Pamtengo umodzi wa pakhomo zimenezi zimakwanira. Mankhwala a Bacillus thuringiensis amagwira pa mbozi zazing'ono zokha ukonde usanakhuthale, ndipo amaphanso mbozi za agulugufe ena, ndiye ndi oyenera alimi a minda ikuluikulu ya zipatso motsatira malamulo a dziko, osati pampanda wa pakhomo.

Ngati mukufuna dzina lenileni la mtundu womwe uli kwanu, njira yotsimikizika ndi kulera. Kumayambiriro kwa Juni tengani mbozi zazikulu zisanu mpaka khumi pamtengo womwe zikudya, muziike m'kabokosi ka pulasitiki koyala pepala lofewa pansi, ndi masamba a mtengo womwewo. Sinthani masamba ndi pepala tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri. Kabokosiko kakhale pamthunzi, chifukwa dzuwa limazipha msanga ndipo chinyontho cha m'kati chimabweretsa nkhungu, chomwe ndicho chimapha zambiri mwa mbozi zoleredwa. Lembani pa chivindikiro dzina la mtengo, malo ndi tsiku. Zikalowa m'zikwa zisiyeni, ndipo agulugufe amatuluka pakapita masabata awiri kapena atatu. Musadabwe ngati m'malo mwa ena mutuluka timavu kapena ntchentche. Ana amakonda kwambiri ntchito imeneyi, ndipo ndi mpata wabwino wowaphunzitsa kusiyanitsa mbozi yosalala ndi yaubweya.

Pojambula, gwirani gulugufe ndi kabotolo koonekera m'kati, osati ndi zala, poti mamba amachoka. Muikeni m'firiji kwa ola limodzi kuti azizire n'kudekha, osati mufiriza. Yponomeuta mujambuleni cham'mbali kuti phiko lonse ndi mphonje zioneke, Spilosoma mujambuleni chapamwamba, kenako yesani kupeza chithunzi cha mimba ndi phiko lakumbuyo ali m'kabotolo. Ikani rula pambali. Gwiritsani ntchito kuwala kwa masana pamthunzi, chifukwa kuwala kwa fulashi kumayeretsa chilichonse n'kubisa kutuwa komwe kumasiyanitsa mitundu. Zithunzizo mungazitumize pa iRecord kapena iNaturalist, masamba a pa intaneti olemberapo zamoyo zomwe anthu aona, kapena kwa wosunga kaundula wa agulugufe a usiku m'dera lanu, yemwe amagwira ntchito ndi bungwe la Butterfly Conservation. Tchulani mtengo womwe mbozi inadya, apo ayi adzakubwezerani dzina la gulu lokha.

Thandizo lina mulifune pa zinthu izi. Mwana akatuluka zidzolo atasewera pafupi ndi mpanda, musambitseni, chapani zovala zake, ndipo bwererani mukaone ngati mulibe mbozi zaubweya zomwe simunazione, popeza brown-tail ndi Yponomeuta amatha kukhala mumpanda umodzi. Zidzolo zikapitirira pitani ku famase kapena imbani 111, nambala ya uphungu wa zachipatala. Ubweya ukalowa m'maso musatikite, tsukani ndi madzi ambiri ndipo aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo. Akayamba kubanika kapena kutupa milomo ndi nkhope, imbani 999, nambala ya thandizo la pangozi. Galu kapena mphaka akanyambita mbozi yaubweya n'kuyamba kutuluka dovu kapena kutupa pakamwa, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Mpanda ukafika kumapeto kwa Ogasiti usanatulutse masamba, kapena mtengo wongobzalidwa kumene ukadyedwa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, itanani katswiri wa mitengo adzaone mizu ndi makungwa, chifukwa pamenepo pamakhala pali vuto linanso monga chilala, kuwola kwa mizu kapena matenda.